Mawu akuti "gin" pa nkhani ya thonje: amatanthauza chiyani, ndipo ife tiziti chiyani?

Womasulira: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndapatsidwa kabuku ka ulimi wa thonje kuti ndikamasulire m'Chichewa, ndiye pali mawu amene andiimika mutu. Tsamba lililonse sakulephera kubwera: gin, ginning, ginner, ginnery, kenako ginning outturn. Ine ndinalemba kuti "kupota thonje", koma amene amawunika ntchito yanga wandibwezera atakhwatcha ndi cholembera chofiira. Cholondola sanandiuze, wangoti kafufuzeni. Ndinayesa kufunsa kompyuta yomasulira, yandipatsa "mowa wa thonje". Ndaseka mpaka misozi, koma ntchitoyi akuifuna Lachisanu.

Kamnyamata: Mowa wa thonje? Umenewo ndiye mundisungireko, matsire ake ayenera kukhala ofewa.

Mayi Telala: Achemwali, wokukhwatchaniyo sanalakwe. Kupota ndi kupanga ulusi, ndipo kumabwera patsogolo kwambiri. Thonje likachoka m'munda limakhala lidakali ndi njere m'kati, simungalipote lili choncho. Ntchito yochotsa njerezo ndi imene azungu amati ginning. Ikatha imeneyo ndiye kulipesa, kenako kulipota, kenako kuwomba nsalu, ndiye nsaluyo n'kufika pa makina anga ano.

Womasulira: Zikomo mayi. Ndiye kuti gin ndi makinawo, ginnery ndi malo ake, ginner ndi munthu?

Madala a Makina: Mwana wanga, wayandikira. Ine ndagwira pa makina amenewa zaka zambiri mpaka makutu anagontha mbali imodzi. Gin ndi makina olekanitsa thonje ndi njere. Ginnery ndi fakitale yake, ife tinkangoti ku jinale. Koma pa ginner usamale. Nthawi zina ndi munthu woyendetsa makina, koma m'mabuku a malonda kawirikawiri akutanthauza kampani imene imagula thonje kwa alimi n'kukalichotsa njere. Uone chiganizo chonse. Akati ginner wapereka mbewu pa ngongole, si munthu wovala ovololo uja ayi, ndi kampani.

Makinawo ndikufotokozere, chifukwa ukawaona m'maganizo sudzasokonezanso. Pali mtengo wachitsulo wautali, pamenepo amangapo macheka obulungira ambirimbiri, moyandikana ngati mbale zoimika. Machekawo amazungulira m'mipata ya nthiti zachitsulo. Mano a macheka amakola thonje n'kulikokera kuseri kwa nthitizo. Mpata wake ndi wopapatiza, thonje limadutsa koma njere imakanika, ndiye imagwera pansi payokha. Kuseriko kuli burashi yozungulira mothamanga kuposa machekawo, imene imasesa thonje lija pa mano. Ukaima pamenepo umaona mbali ino njere zikugwa ngati mvula, mbali inayo thonje likuuluka ngati mtambo. Ntchito ya gin yathera pomwepo. Sapota, sawomba, sapaka utoto.

Kamnyamata: Nanga bwanji makinawo anawapatsa dzina la mowa, madala? Kapena amene anawapanga anali atalawa?

Aphunzitsi: Iwe mnyamata, mawuwa amangofanana nkhope, si pachibale. Gin wa pa thonje ndi chidule cha engine, injini yomweyi timaidziwayi. Engine anachokera ku Chifalansa chakale, engin, ndipo gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti ingenium, kutanthauza luntha kapena luso lobadwa nalo. Kalekale ku England chipangizo chilichonse chopangidwa mwaluso ankachitcha gin. Makina oyendetsedwa ndi kavalo wozungulira, otunga madzi kapena kukweza malasha m'migodi, ankati horse gin. Msampha wachitsulo wa mano uja, umene umatsekera nyama mwendo, ankati gin trap, ndipo ku England anauletsa mu 1958 chifukwa cha nkhanza zake. Mpaka lero amisiri okweza nsanja amatchula gin pole, mlongoti wokwezera zinthu zolemera.

Gin wakumwa uja ndi chidule cha genever, kuchokera ku Chidatchi jenever, dzina la mtengo wa juniper umene zipatso zake zimapatsa chakumwacho fungo. Mawu awiri aatali osiyana anadulidwa mpaka anakumana pa zilembo zitatu zomwezo. Kompyuta ya achemwaliwa inangotola limene imakumana nalo kawirikawiri.

Kamnyamata: Ndiye majini aja amagwira anthu aja ndi a mbali iti, a injini kapena a botolo?

Aphunzitsi: Amenewonso ndi fuko lina. Ndi Chiarabu, jinn, ndipo m'Chiswahili amati jini, ambiri majini. Atatu tsopano.

Womasulira: Apa ndiye mwandiopsezatu. Ndikalemba kuti "thonje limapita ku jini", wowerenga wina aganiza kuti tikukapereka nsembe.

Mlangizi: Ndi chifukwa chake ine ndikamalankhula ndi alimi sindinena jini. Ndimati makina ochotsa njere za thonje, basi. Ndi mawu aatali koma palibe amene amafunsa kawiri.

Wa Makompyuta: Koma ndamvapo ena akuti kupuntha thonje. Si lalifupi limenelo?

Madala a Makina: Ayi, limenelo ndikukana. Kupuntha ndi kumenya ndi ndodo kuti mbewu zithothoke. Thonje ulimenye tsiku lonse, njere siichoka. Ubweya wa thonje umamera kuchokera pa khungu la njereyo, ngati tsitsi pamutu. Sunangoikulunga ayi, unamera pomwepo. Ndiye pamafunika kuzula, osati kumenya. Amene akuti kupuntha sanagwirepo thonje la njere m'manja.

Wa Makompyuta: Pepani madala, ine ndangobwereza zomwe ndinamva.

Mayi Telala: Madala akunena zoona. Ine ndinayesapo ndi manja tsiku lina, ndinkafuna thonje loika m'kapilo ka singano. Ndinakhala pansi ndi kambale, njere imodzi imodzi, kuitsina ndi chala chachikulu n'kumakoka. Ola lathunthu linatha, chala chikuwawa pansi pa chikhadabo, thonje lomwe ndinapeza losadzaza n'komwe dzanja. Ndipo njere iliyonse inatsala ndi kaubweya kotuwa kokanirira, ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Kuyambira tsiku limenelo makina aja ndimawapatsa ulemu.

Aphunzitsi: Mayi, zimene mwanenazo ndi mbiri yonse ya mawuwa. Ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, munthu mmodzi pa tsiku ankachotsa njere pa thonje lokwana paundi imodzi yokha, yosakwana theka la kilogalamu. Mu 1793 mnyamata wina wa ku Massachusetts, Eli Whitney, ali pa munda wa Mulberry Grove pafupi ndi Savannah ku Georgia, kwa mayi Catharine Greene, anapanga kabokosi ka mano a waya ndi burashi. Kankachotsa njere pa mapaundi 50 pa tsiku. Chiphaso cha umwini wa lusolo anachilandira pa 14 Malichi 1794. Anthu ankati cotton engine, kenako cotton gin. Apo ndi pamene panayambira makina ochotsa njere.

Mlangizi: Aphunzitsi, ndikupemphani mubweze pang'ono chiganizo chomalizacho. Whitney sanayambitse makina ochotsa njere. Ku India ankachita zimenezi zaka mazanamazana iye asanabadwe. Pa zojambula za m'mapanga a Ajanta, za zaka za m'ma 400, pakuoneka njira ya kamtengo kamodzi kokunkhuniza pa thabwa kapena mwala, kufinya njere kuti zituluke. Pambuyo pake anapanga makina a timitengo tiwiri tozungulira moyang'anizana, opukusa ndi dzanja, otchedwa churka. Thonje limalowa pakati, njere imatsalira kunja. Makina a mtundu umenewo anafika ngakhale ku America Whitney asanapange ake. Vuto linali loti ankagwira bwino pa thonje la ulusi wautali, la njere zosalala, limene linkalimidwa m'mbali mwa nyanja. Thonje la kumtunda, la ulusi waufupi ndi njere zaubweya zokakamira, ndi limene linkavuta. Whitney anathetsa vuto la thonje limenelo.

Aphunzitsi: Mwandigwira, achimwene, ndavomera. Ndinathamanga pakamwa. Ndiwonjezerenso kuti ngakhale macheka amene madala afotokoza aja si a Whitney kwenikweni. Iye anagwiritsa ntchito mano a waya. Chiphaso cha makina a macheka obulungira chinapita kwa Hodgen Holmes mu 1796.

Kamnyamata: Koma Whitney uja analemera ndithu eti?

Aphunzitsi: Analemera maloya. Iye ndi mnzake Phineas Miller sanafune kugulitsa makinawo. Anaganiza zomanga awoawo m'madera, alimi azibweretsa thonje, iwo azitengapo magawo awiri mwa asanu alionse ngati malipiro. Alimi anaona kuti ndi kuwadyera masuku pamutu, ndipo poti kabokosiko kanali kosavuta, kalipentala aliyense anangokopera. Milandu inatenga zaka, khoti linadzamuikira kumbuyo mu 1807, chiphaso chitatsala pang'ono kutha. Pofika nthawi imeneyo iye anali atatembenukira kale ku mfuti. Mu 1798 boma la America linamupatsa ntchito yopanga mfuti 10,000.

Koma chimene ine chimandiwawa pa mawu amenewa si milandu ya Whitney. Makina anapeputsa ntchito yochotsa njere, koma kulima ndi kutola thonje kunatsalabe kwa manja. Eni minda ataona kuti tsopano thonje lililonse lomwe angakolole lichotsedwa njere msanga, anakulitsa minda, ndipo manja owonjezerawo anali a akapolo. Pa kalembera wa 1790 ku America kunali akapolo pafupifupi 700,000. Pa kalembera wa 1860 anali pafupifupi 4 miliyoni. Mabanja ankagulitsidwa mosiyanitsidwa, kuchoka ku Virginia ndi Maryland kupita ku minda yatsopano ya ku Alabama, Mississippi ndi Louisiana. Ndiye munthu wakuda wa ku America akamva mawu oti cotton gin, samva za luso lokha ayi.

Mayi Telala: Mayo ine. Makina opeputsa ntchito n'kukhala ochulukitsa ukapolo.

Womasulira: Izi m'kabukumu mulibe, koma ndathokoza kuti ndazidziwa. Tsopano ndibwerere ku Lachisanu langa. Pali chiganizo chakuti saw gin ndi roller gin. Ndilembe bwanji?

Madala a Makina: Saw gin ndi ya macheka ija. Roller gin ndi mdzukulu wa makina a ku India amene alangizi anena. Ili ndi rola yokutidwa ndi chikopa kapena chinthu chokhakhala, thonje limamatirira pamenepo, ndiye pali mpeni wosayenda ndi wina woyenda umene umagunda njere kuti ichoke. Ya macheka ndi yachangu koma ndi yaukali, imadula ulusi wina ndi kupanga timfundo. Ya rola ndi yofatsa, ulusi umatuluka wautali. N'chifukwa chake thonje lapamwamba la ulusi wautali, monga Pima kapena la ku Egypt, amalidutsitsa pa rola. Ukalemba kuti makina a macheka ndi makina a rola, aliyense wa ntchitoyi amva.

Mlangizi: Ndipo pa outturn paja musalakwitse, achemwali, chifukwa mpamene pali ndalama. Thonje lochokera m'munda, mbali yaikulu ya kulemera kwake ndi njere. Mukalowetsa makilogalamu 100 m'makina, thonje lopanda njere limatuluka cha pakati pa 35 ndi 40, malinga ndi mtundu wa mbewu ndi mmene latoledwera. Njere zimaposa theka. Kotsalako ndi zinyalala ndi fumbi. Nambala ya 35 kapena 40 ija ndi imene akuitcha ginning outturn, ena amangolemba GOT. Mlimi akamva mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse amadabwa kuti bwanji iye akulandira zochepa chonchi, osadziwa kuti mtengo umenewo ndi wa thonje lopanda njere, pamene iye wagulitsa la njere. Sindikuti ogula onse ndi achilungamo ayi, koma poyerekeza mitengo tiziyamba tadziwa kuti tikuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana.

Womasulira: Ndiye ndilembe kuti "kuchuluka kwa thonje loyera lotuluka pa makilogalamu 100"?

Mlangizi: Loyera ayi. Mukati loyera, mlimi amva za giredi, thonje lopanda litsiro ndi mawanga. Thonje likhoza kukhala loyera mbee lili ndi njere zake zonse. Nenani kuti lopanda njere.

Womasulira: Eeh, ndikanagwanso m'dzenje lina. Ndiye seed cotton ndi thonje la njere, lint ndi thonje lopanda njere. Nanga cottonseed?

Mlangizi: Njere za thonje. Muone mmene azungu anasewerera pamenepo, mawu awiri omwewo angowatembenuza. Seed cotton ndi thonje lomwe lidakali ndi njere, cottonseed ndi njere zomwe zachoka m'thonje. Omasulira ambiri amagwa pamenepa. Ndiye njere ikakhala yokadzala muziti mbewu.

Wa Makompyuta: Lint ameneyu ifenso tili naye. Ndi pulogalamu yofufuza tizolakwika ting'onoting'ono m'zimene munthu walemba pa kompyuta. Anaiyambitsa Stephen Johnson ku Bell Labs, malo ofufuzira za sayansi ku America, mu 1978, dzina analitenga ku tiubweya tija timamatirira pa zovala. Sindinkadziwa kuti kwa anthu a thonje lint ndiye katundu weniweni wogulitsa. Kwa ife ndi zinyalala.

Mayi Telala: Kwa inenso ndi zinyalala, timadzadza pansi pa bobini mpaka makina kuyamba kudumpha.

Madala a Makina: Palinso mng'ono wake, linters, ndipo ameneyu asakusokoneze ndi lint. Kaubweya kotuwa kamene mayi Telala anakaona katatsalira pa njere kaja, ndi kameneko. Gin sikachotsa. Amakameta ndi makina ena ku fakitale yoyenga mafuta, njere zisanaphwanyidwe. N'kafupi kwambiri, sikapoteka bwino, koma amapangira mapepala apamwamba, ulusi wa rayon ngakhale wonga wa mfuti. Njereyo amafinya mafuta, chotsalacho n'kukhala chakudya cha ng'ombe. Koma muli poizoni wina wotchedwa gossypol, ng'ombe zikuluzikulu zimapirira, nkhuku ndi nkhumba ayi. Ngati kabuku kako kakunena za zimenezi usadule chenjezolo.

Kamnyamata: Madala, inu mwati makutu anagontha. Ndi phokoso lokha kapena munaonanso zina?

Madala a Makina: Phokoso ndi fumbi. Pofika madzulo nsidze zimakhala zoyera ngati wakalamba tsiku limodzi, ukamina m'mphuno mukutuluka thonje. Koma chimene tinkaopa kwambiri ndi moto. Tsiku lina m'thonje munabwera kamwala, kaya wina anaika dala kuti thumba lilemere, kaya kanangotoledwa, sindinganamizire munthu. Kanakafika pa macheka, ndinangomva kuti tche, moto kuthetheka. Tinazimitsa makina, kuyang'ana paliponse, osaona kanthu. Tinapitiriza ntchito. Mawa lake m'mawa mlonda akutiitana kuti belo lina likununkha. Kunja linali bwinobwino, loyera, malamba ake ali chimangire. Titaligubuduzira kutali n'kudula malamba, m'kati monse munali mwakuda bii, ndipo mpweya utangolowa linayaka lonse nthawi imodzi. Moto wa thonje umayenda mobisala, ukhoza kukhala m'belo masiku. Kuyambira pamenepo belo lililonse lotuluka pa nthawi imene tamva kuthetheka tinkaliika palokha, kutali ndi anzake.

China ndi chinyezi. Thonje lonyowa limatsamwitsa makina, limakanirira pa nthiti zija. Louma kwambiri ulusi umathothoka n'kuduka. Pamafunika chinyezi cha 6 kapena 7 pa 100 iliyonse. Ndiye amene amawaza madzi m'thonje kuti lilemere pa sikelo amativutitsa ife a pa makina, komanso thonjelo limasanduka lachikasu, giredi n'kutsika.

Mlangizi: Muwonjezere ulusi wa matumba a pulasitiki, madala. Kachingwe kamodzi kakalowa, macheka amakanyenyanyenya n'kukamwaza m'belo lonse. Pulasitiki samwa utoto ngati thonje, ndiye nsalu ikapakidwa pamaoneka timizere toyera. Ogula akunja akaona zimenezo amatsitsa mtengo wa thonje la dera lonse.

Mayi Telala: Timizere timeneto ndinatipezapo pa nsalu yabuluu, ndinkayesa kuti ndi vuto la utoto. Kani ndi thumba.

Wa Makompyuta: Funso lomaliza kwa aphunzitsi. Spinning jenny ija tinaphunzira kusukulu ndi yomweyi?

Aphunzitsi: Ayi, imeneyo ndiye yopota, ya James Hargreaves wa ku Lancashire ku England, cha m'ma 1764. Inkapota ulusi wambiri nthawi imodzi. Achemwali akanakhala kuti akumasulira za imeneyo, "kupota" kwawo kuja kukanakhoza. Ndipo ziwirizi zinakokana. Makina opota a ku England anachititsa njala ya thonje, gin ya ku America n'kudzaidyetsa njalayo.

Koma ine pa kamasuliridwe ndisiyana pang'ono ndi alangizi. "Makina ochotsa njere za thonje" ndi mawu asanu. M'kabuku momwe mawuwa akubwera tsamba lililonse, wowerenga atopa. Chichewa chinameza kale injini, sikelo, belo, giredi, fakitale. Bwanji jini? Mufotokoze kamodzi koyambirira, kenako muzingoti jini.

Mlangizi: Aphunzitsi, kabuku sikawerengedwa kuyambira tsamba loyamba ngati nthano. Munthu amatsegula pakati, pamene pali chimene akufuna. Akapeza jini osaona pomwe munafotokozera paja, watayika. Komanso nthawi zambiri mmodzi amawerenga mokweza ena akumvetsera.

Aphunzitsi: Nanga mneni wake? Tiziti kuchotsa njere nthawi zonse?

Kamnyamata: Kujina. Ndajina, wajina, tidzajina mawa.

Madala a Makina: Iwe usaseke, pa ntchito tinkanenadi choncho nthawi zina, koma pakati pa ife tokha. Kunja kwa geti palibe amene akanamva.

Mayi Telala: Ine ndili mbali ya alangizi. Kuchotsa njere ndi Chichewa chomveka, ngakhale mwana amva. Koma jinale musiyeni, poti madala akuti ndi mmene ogwira ntchitoyo amatchulira malowo.

Womasulira: Chabwino, ndamva mbali zonse, ndipo ndachita chonchi. Ginning ndalemba kuchotsa njere. Gin ndalemba makina ochotsa njere, ndipo pomwe nkhani ikudziwika kale ndikungoti makinawo, ndiye kutalika kumene aphunzitsi akudandaula kwachepa. Ginnery ndalemba jinale, koma pa mutu uliwonse watsopano ndikuyamba ndi fakitale yochotsa njere za thonje. Ginner ndayang'ana malo onse asanu ndi anayi pomwe akupezeka, asanu ndi atatu ndi kampani, amodzi okha ndi munthu wa pa makina. Madala mukanapanda kunena ndikanawasandutsa onse anthu. Outturn ndalemba kuti thonje lopanda njere lotuluka pa makilogalamu 100 alionse a thonje la njere.

Kwatsala mawu amodzi pa tsamba lomaliza, mote. Akuti gin motes.

Madala a Makina: Tinjere tosakhwima, tokhala ndi kaubweya pang'ono, timene makina amataya pansi limodzi ndi zinyalala. Ena amatisesa n'kutiyeretsa, amagulitsa kwa opanga matiresi. Lemba kuti mphwepwa za njere, kapena njere zosakhwima ngati ukuona kuti mphwepwa ena salidziwa.

Womasulira: Njere zosakhwima. Ndatumiza.

Kamnyamata: Ndiye mowa wanga uja zatha bwanji?